Amalume Medson Analumbira Okha

Amalume athu a Medson ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Amagulitsa matabwa ku Chinsapo, koma ntchito imene amaikonda ndi yokhala mwini mbumba. Maliro, chinkhoswe, mkangano wa malire, iwo atulukira, jekete labulauni paphewa, akukonza kukhosi. Mwana akagonekedwa kuchipatala simungawaone. Amafika pokhapo pamene pali mpando wakutsogolo.

Mng'ono wanga Kettie atasiyana ndi mwamuna wake Jones, anatsala ndi mwana wawo wamkazi, Rejoice. Jones anakapempha kukhoti kuti mwanayo azikhala naye ku Area 25. Samani yoitanira Kettie kumlandu itafika, kalaliki wa kukhoti anamulangiza Kettie bwinobwino: alembe yankho lake, afotokoze mmene amasamalira mwana, alumbire yekha kuti ndi zoona, ndipo tsiku la mlandu abwere.

Amalume atamva anafufuma ngati finye.

"Iwe Kettie, mwana wa m'mbumba ndi wa ndani? Ndi wanga! Zinayamba liti zoti mkazi aziyankhula pabwalo amalume ake ali moyo?"

Ine ndinati, "Amalume, kukhoti si kumudzi ku Dowa ayi."

"Ennie, tseka pakamwa. Ndinayamba milandu iwe usanamere mano."

Kettie kufatsa kwake kumandinyansa nthawi zina. Anagwada n'kuwapatsa mapepala onse. Yankho lija amalume analemba okha, anakatayipitsa okha, analumbira okha. Nanga zolembazo! Mbiri ya mtundu wathu, mayina a makolo, ndi zoti Jones ndi mkamwini chabe, mkamwini alibe mwana. Za Rejoice, ngakhale mzere umodzi.

Tsiku la mlandu amalume anauza Kettie kuti atsale aphe nkhuku, tidzadyere chipambano. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka, koma Kettie anatsala. Ine ndinakwera nawo minibasi.

Jones, ngakhale ndimamuda, anabwera atakonzeka. Pepala lake linatchula sukulu, chipinda chogona, ndi mankhwala a mphumu a mwanayo. Woweruza, mayi wamagalasi, anawerenga la amalume n'kudzutsa mutu.

"Mayi a mwana ali kuti?"

"Ndawaimira ine, mwini mbumba."

"Khoti limafuna iwowo, bambo. Chabwino, mwanayu ali sitandade chani?"

Amalume anakonza kukhosi.

"Amadwala chiyani?"

Anakonza jekete.

"Dzina lake ndani?"

Amalume anacheukira kwa ine, maso ali tong'o. Ndinatsegula pakamwa, wapolisi n'kundiloza chala.

"Ndi... ndi mwana wa Kettie," anatero amalume.

Woweruza analamula kuti Rejoice ayambe wakhala kwa bambo ake mpaka mayi ake adzaonekere okha ndi yankho lawolawo. Ndinalira ndi ukali, osati chisoni.

Tinapeza Kettie atavala chitenje chatsopano, nkhuku itapsa. Anangondiona nkhope, chikho n'kumugwa m'manja. Jones anali atandiimbira kale tili m'njira kuti akubwera ndi galimoto kudzatenga mwana. Amalume? Anakhala pampando, anasamba m'manja, akuti akhoti a masiku ano sadziwa mwambo.

Rejoice anadutsa atanyamula yunifolomu ndi nsapato zake kukaika m'chikwama. Amalume, ntchafu ya nkhuku ili m'manja, anamukodola.

"Iwe mwana, tabweretsa mchere."

Kettie, amene sanawayankhepo chibadwire, anawalanda mbale ya nkhuku.

"Dzina lake ndi Rejoice, amalume. Tulukani."