Kutsogolo Nkwa Graciliana

Aliyense wa ku San Laureano amene anamwapo khofi wamkaka m'zaka makumi anayi zapitazi, mkakawo unayenda pa njinga ya don Hermógenes Tibaduiza. Ndi njinga yakuda, yachitsulo chokhachokha, yolemera ngati thole. Zigubu ziwiri pakaliyala, chachitatu pamwamba, eniake atadzikulunga mu ruana, chofunda chaubweya wankhosa, kutsetsereka kuchokera kumakola chisanu chikadali mbuu pa udzu. Katundu yense ankakhala kumbuyo. Mbatata kumbuyo, nkhuku kumbuyo, wailesi yopita kokakonzetsa kumbuyo komweko. Anzawo akawaseka kuti njinga ikuimika mutu ngati hatchi, iwo ankangoti, "Kutsogolo nkwa Graciliana."

Graciliana anali mkazi wawo. Anachoka kwawo ku La Hoya, mudzi wa pamwamba pa phiri, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atakhala pa mahandulo a njinga yomweyo, siketi atapanira m'miyendo, bambo ake akuponya miyala pambuyo ndi kulumbira kuti akangodutsa mphambano asadzakwerenso phirilo. Sanakwerenso. Lamulungu lililonse ankapita ku Misa ali pa mahandulo, mpaka chiuno chinamukaniza. Sankanena kuti khotani apa. Ankangopendekeka, njinga n'kukhota. Amuna ake ankapalasa, wowongolera anali iye, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi m'nyumba momwe zinali choncho.

Graciliana anamwalira Lachiwiri m'chipatala cha ku Sogamoso. Ana awo, amene amagwira ntchito ku Bogotá, anagwirizana zowotcha mtembo, monga achitira anthu masiku ano. Don Hermógenes sanatsutse, chifukwa malo anali okonzeka kale: kachipinda ka m'khoma la kuseri kwa tchalitchi cha San Laureano, kokwana mabokosi awiri, mwala wake utalembedwa mayina awiri. Ankakayenderako nthawi zina, kukaona dzina lawo pafupi ndi la mkazi wawo, mtima n'kukhala pansi. Imfa sankaiopa. Chimene ankaopa nkugona okha.

Lachitatu kunabwera foni kuchokera ku La Hoya. Anali doña Otilia, mkulu wake wa Graciliana, amene mawu awo anali asanamveke m'nyumbamo chiyambire ukwati.

"Mubwere naye kwawo, alamu. Mayi ake anaikidwa kuno."

Don Hermógenes anadula foniyo.

Misa inali ya Lachisanu, 4 koloko masana. Mwana wawo wamwamuna, Fabio, anati akatenga phulusalo pa galimoto, koma bambo ake anakana. Graciliana anali atanena m'chipatala muja, mawu akutuluka ngati mphepo ya pa chubu chobooka, kuti, "Pochoka kuno mundikweze kutsogolo." Motero Lachisanu m'mawa anapalasa mpaka ku Sogamoso, analandira kabokosi kathabwa lofiirira, anakabisa mu ruana, n'kukankha njinga mpaka pa shopu ya njinga ya Yolima Cely.

Yolima anakhala zaka zisanu ndi zitatu ku Madrid akuperekera anthu chakudya panjinga. Anabwerako ndi tsitsi lalifupi, mtima wapachala, ndi chizolowezi chonyoza chilichonse chomangidwa kuno. Mayi ake anali a ku San Laureano, ndiye mkaka wa don Hermógenes ndi umene unamukulitsa.

"Sumercé!" anafuula Yolima, kuwaitana ndi liwu laulemu la kumeneko. "Tcheni yanuyo ndaimva muli kuseri kwa msika, ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Tigule yatsopano lero?"

"Tcheni ndi yabwino, mija, mwana wanga. Ndikufuna thumba. Lakutsogolo."

"Inu? Thumba lakutsogolo? Dziko latha basi."

Anayamba kutsitsa matumba pakhoma. Lina laling'ono, la achinyamata ovala zothina aja okwera mapiri Loweruka, lolowa foni ndi kachidutswa ka gwafa wowumitsa. Lina lozungulira ngati mpukutu wa nsalu. Lina lalikulu, la ngodya zinayi, lolimba m'mbali, chivundikiro chake chosalowa mvula.

"Kunja kuja anthu amagula ili kuti aikemo sangweji imodzi, n'kumadzijambula. Inu muikamo chiyani? Tchizi?"

Don Hermógenes anatukula ruana, n'kuika kabokosi pa tebulo, pakati pa masipanala.

Yolima anasiya kupita ku tchalitchi ali ku Madrid, koma dzanja lake linachita lokha chizindikiro cha mtanda.

"Ayi... doña Graciliana? Pepani, sumercé. Pakamwa panga apa."

"Usapepese. Akanakuyankha yekha, ndipo ukanalira."

Kabokosi kanalowa m'thumba lalikulu lija ngati analisokera komweko. Yolima analinyamula, n'kuliyeza ndi dzanja. Makilo awiri ndi theka, mwina atatu.

"Tsopano nkhani ndi pomangira," anatero, mawu atabwerera m'malo mwake. "Zitsulo zomangira zilipo ziwiri. Ichi chimaluma mahandulo. Mukakhota, thumba limakhota nanu, koma kulemera kwake kumakoka dzanja. Katundu amakhala ngati akuwongolera nawo. Chinachi timamanga ndi mabawuti pa khosi la fulemu. Thumba limangoyang'ana kutsogolo, mahandulo ali paufulu, katundu alibe chonena. Kwa kulemera uku, ndi misewu yathu ya maenje okhaokhayi, ine ndingasankhe cha pa fulemu."

"Yesa cha pa mahandulo."

Yolima anachimanga, n'kukoleka thumba, n'kuimika njinga mowongoka pa chitsulo chokonzerapo. Anachotsa manja.

Njinga yolemedwa kutsogolo imagwetsa mutu kamodzi, khwapu, aliyense amadziwa. Iyi sinatero. Inakhala kaye chete. Kenako tayala lakutsogolo linayamba kutembenukira kumanzere pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva dzina lake likutchulidwa kutali. Linaima litaloza pakhomo. Kunja kwa khomolo, pamwamba pa madenga, kunali phiri, mutu wake uli m'mitambo.

Yolima analiwongola. Linatembenukanso.

"Pansi pano mpopendekeka," anatero. "Amisiri a kuno amayeza ndi diso, diso lake la matsire."

Ananyamula njinga ndi chitsulo chomwe, n'kuizunguza kuti iyang'ane mbali inayo. Anachotsa manja. Tayala linatembenukira kumanja, mosapupuluma, mpaka linaloza pakhomo pomwe paja.

M'shopumo munangomveka wailesi ya kwa aneba. Yolima anatulutsa kabokosi ndi manja awiri, n'kuthira m'thumba matcheni atsopano asanu ndi limodzi ndi nyundo. Anachotsa manja, n'kudikira. Njinga inangoti chilili, tayala lili nji.

"Sindikudziwa," anatero, akupukuta zala zosada pa nsanza. "Ine sindikudziwa, sumercé."

Don Hermógenes ankadziwa. Phiri limenelo analiyang'ana zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ali pambuyo pa mutu wa mkazi wawo, ndipo ankaona kuti pa mphambano paja mutuwo sunkatembenuka konse, unkauma gwa ngati wa munthu wodutsa pa nyumba ya maliro. Ankayesa kuti ndi mkwiyo.

"Manga cha pa fulemu," anatero.

Yolima anatenga sipanala. Anamasula choyambacho, n'kumanga chinacho.

"Limbitsa."

"Ndalimbitsa."

"Limbitsanso."

"Ndikapitiriza ndidula bawuti, bambo. Apa ngakhale ng'ombe singasunthe."

Anatuluka m'tauni dzuwa litapendeka pang'ono. Msewu wa ku San Laureano umadutsa m'minda ya anyezi, kenako n'kulowa m'mabulugamu. Njinga inkamvera. Akafuna kumanzere inkapita kumanzere, akafuna kumanja inkapita kumanja, mahandulo opepuka ngati ndodo ya tsache. Mtsikana uja ananena zoona, katundu analibe chonena. Koma pokhota paliponse manja awo ankapita uku, thumba lili yang'anu kutsogolo, ngati mkazi amene mwamulakwira ndipo watsimikiza kuti sakuyang'anani.

M'mabulugamu muja chifunga chinatsika, chija chimabwera masana kuchokera kumapiri, chonunkha dothi lonyowa. Galimoto zinasiya kudutsa. Ndipo anayamba kumva kaphokoso m'thumba, kosalala, ngati mchenga ukutsetsereka m'mbale: tsee. Msewu ukhote uku kapena uko, mchengawo unkatsetserekera mbali imodzi yokha, ya kuphiri.

"Kumeneko anakuponya miyala," anatero mokweza. "Waiwala? Wina unandigunda ine pa phewa, chipsera chilipo."

Tsee.

"Ndinakumangira nyumba ya mawindo agalasi. Mwala uja tinasankha limodzi, iwe ndi amene unakana wakuda. Tsopano ukufuna ndikagone ndi yani m'khoma muja? Ndi akangaude?"

Anadikira yankho pa kona yotsatira. Silinabwere. Pa ina, zii. Anagwedeza njinga dala, n'kulowa m'dzenje dala. M'thumba munali chete, chete wa chigubu chodzaza chotsekedwa bwino. Graciliana sanakhalepo chete chotero, ngakhale m'tulo ankang'ung'udza.

Pa mphambano pali kanyumba ka Maria Virigo, kozunguliridwa ndi nyali zakale za malole zimene madalaivala amasiyapo akapulumuka ngozi. M'chifungamo nyalizo zinkaoneka ngati maso ambiri osaphethira. Msewu wakumanja umatsikira ku San Laureano, ndipo kuchokera kumunsiko belu loyamba la Misa linali litayamba kulira. Wakumanzere, wamiyala, umakwera ku La Hoya.

Akanangotsetsereka. Palibe chimene chikanawakoka dzanja. Anaika phazi pansi, n'kuyang'ana mabawuti anayi onyezimira amene iwo eni anati alimbitsidwe kawiri. Bambo ake a Graciliana anamutsekera kunja ndi miyala. Tsopano iwo, amuna ake, anali kumutsekera m'kati ndi sipanala.

Anatsegula thumba. Kabokosi kanali kozizira kuposa chifunga. Anamasula lamba wachikopa womangira zigubu pakaliyala, n'kukhazika kabokosiko pa mahandulo, pakati penipeni pomwe utoto unafufutika kalekale, n'kumanga.

"Sankha," anatero. "Koma udziwe kuti ine ndikupempha. Sindinakupemphepo kanthu, ngakhale batani la malaya. Lero ndikupempha."

Anapanira njinga m'miyendo, n'kukweza manja m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi achifwamba.

Tayala silinasunthe. Belu linalira, n'kuleka. Dontho la madzi linagwa kuchokera ku chipewa chawo. Linagwa lachiwiri. Mtima wawo unayamba kunena kuti wamva, wandimvera chisoni, titsike. Tayala linanjenjemera, n'kupendekera pang'ono kumanja, kumunsi, n'kukhala pamenepo kanthawi, monga Graciliana ankachitira akaika dzanja pa bondo lawo asananene chinthu chowawa. Kenako linabwerera, linadutsa pakati, n'kuloza kuphiri.

Foni inalira m'thumba la malaya. Anali Fabio.

"Bambo, muli pati? Abambo mfumu avala kale, anthu adzaza."

"Auze ayambe. Misa imagwira ngakhale mwiniwake palibe."

"Mwiniwake palibe bwanji? Mayi ali kuti?"

"Ali pano. Akana."

"Akana? Bambo, mwamwa?"

Anazimitsa foni.

Chitunda cha ku La Hoya ndi makilomita asanu ndi awiri, ndipo achinyamata a njinga zodula amatsika n'kumakankha. Don Hermógenes, wa zaka makumi asanu ndi awiri, pa njinga yopanda magiya, sanatsike. Mapedulo ankazungulira okha pansi pa mapazi, ngati wina wagwira chingwe kutsogolo m'chifungamo. Pa makona sankakhota iwo. Ankangogwira, kuti asagwe.

Nyumba ya kwa apongozi awo, yomaliza m'mudziwo, anaizindikira ndi mpanda wake wamiyala. Geti linali lotsegula. Pakati pake panaima mayi wokalamba, wamng'ono, wovala zakuda, chibwano chake cha Graciliana chenicheni.

"Mwachedwa, alamu," anatero doña Otilia. "Chiyambire Lachiwiri chitseko changa chikugogodedwa. Ndikatsegula, palibe munthu. Chaleka posachedwapa, ndiye ndinati ali m'njira."

Zala za don Hermógenes zinali zitauma ndi kuzizira, lamba anamasula ndi mano. Ananyamula kabokosi, n'kukafungatira pachifuwa. Kanali kofunda tsopano, ngati buledi.

"Malo alipo?"

"Pambali pa mayi. Amodzi."

Anaima choncho, osapereka, osabweza. Kumunsi kwenikweni, kuseri kwa chifunga, belu la tchalitchi linkamveka ngati supuni yogunda kapu.

"Nanga ine?" anafunsa.

Doña Otilia anawayang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato, nthawi yaitali, monga ayang'anira ng'ombe pa msika. Kenako anatambasula manja, ndipo don Hermógenes anaika kabokosiko m'manjamo.

"Inu simunafe," anatero mayiyo. "Fosholo ili kuseri kwa khitchini. Dothi la kuno ndi lamiyala, ine ndekha sindingathe."