Khadi Lolemera la ku Limbe

Mchimwene wanga wamng'ono anali atatenga kale pasipoti pamene anayamba kukamba za kompyuta. Anzake anali atapita ku Joni, iye yekha n'kutsala pa Chiringa akujambula maukwati ndi kamera yobwereka. Anatiuza kuti atakhala ndi kompyuta yolumikizira mavidiyo yekha, osamakapereka ntchitoyo kwa ena ku boma, sangachoke pamudzi. Abambo sanafunse zambiri. Chaka chimenecho anagulitsa nandolo yense kuti mwana wawo akhale.

Zipangizo zina mchimwene anazitolera pang'onopang'ono. Chinatsala ndi khadi la girafikisi, kachipangizo kamene kamapatsa kompyuta mphamvu zoyendetsera mavidiyo. Tinapita kukagula ku Limbe tonse atatu, poti abambo sakanalola kuti thukuta lawo likwere minibasi iwo atatsala.

Wogulitsa anaika makhadi awiri patebulo, mitengo yake yosasiyana kwenikweni. Lina linali latsopano, laling'ono, la fani imodzi. Linalo linali lakaunjika, lalikulu, la mafani awiri, fumbi la eni ake oyamba likadali m'kati. Mchimwene ankafuna laling'onolo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: kashopu kake kanalibe magetsi, kankadalira sola ndi batire imodzi, ndipo khadi laling'ono silidya moto wambiri.

Koma abambo anga chinthu amachigula ndi manja. Khasu amalinyamula kaye, nkhuku amaipepeta m'dzanja, njinga yawo ndi yachikale ija yoti anthu awiri athandizane poikweza pagalimoto. Anatenga makhadiwo, lina dzanja ili, lina dzanja ilo, n'kutseka maso ngati akuyesa chinangwa pamsika.

"Aka n'kachibwana," anatero. "Muli mphepo yokhayokha. Katundu ndi uyu."

"Ababa, lalikululo ndi lamphamvu ndithu," anayankha mchimwene, maso ali pansi, "koma batire yathu ija mwina ingavutike."

"Batire ndi kapolo wa makina. Izolowera."

Wogulitsa uja, amene ankafunitsitsa kuchotsa chakalecho, anati madala akudziwa zinthu. Ndinapsa mtima, koma kwathu mwana satsutsa bambo wake pamaso pa mlendo, makamaka bambo amene wadzimana chaka chonse. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo mchimwene anaviikadi: anati mwina tibwerenso tsiku lina, mwina tikafunse kaye kwina. Abambo anali atayamba kale kumasula kathumba kawo.

Kompyuta inayaka bwinobwino, ndipo anthu ankadzasuzumira pawindo. Ntchito yoyamba inali ukwati wa kufupi ndi Fort Lister. Kudula ndi kusanja zithunzi kunkayenda, koma ikafika nthawi yoti makina aphatikize vidiyo yonse, mafani aja ankayamba kulira, inveta yosinthira moto wa batire n'kuyamba kudandaula, kenako zii. Mchimwene ankayambiranso. Masana dzuwa likaswa mtengo, zinkafika pakatikati. Kenaka dzinja linalowa, mitambo n'kukhala paphiri la Michesi osasuntha, ndipo sizinkafikanso ngakhale pakati.

Mchimwene anabwerera nalo khadilo ku Limbe, koma anamuuza kuti katundu wakaunjika sabwezedwa. Batire yaikulu inali yoposa msinkhu wathu. Akwati aja anapirira mpaka mkwatibwi mimba inayamba kuoneka, kenako amalume awo anabwera pa njinga kudzatenga zojambulazo, mwaulemu wopweteka kuposa kutukwana. Pa Chiringa nkhani sichedwa. Maukwati awiri amene anali atamulonjeza anapita kwa wina.

Abambo ankabwera kushopuko madzulo aliwonse pochokera kumunda, n'kukhala pabenchi chipewa chili pabondo. Makina akazima ankang'ung'udza m'Chilomwe, chinenero chimene amachisungira zinthu zowawa. Sanavomere kuti analakwitsa, ndipo palibe anawauza. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta sola ndi malaya awo, akuganiza kuti vuto ndi fumbi. Ndinkawakwiyira masiku onsewo, koma tsiku limenelo ndinawamvera chisoni mpaka ndinabwerera panjira.

Mchimwene anachoka chimanga chisanache. Sanakangane ndi munthu. Anatseka kashopu, kompyuta n'kuibweretsa kunyumba kwanga, n'kukwera kabaza mpaka pamsewu. Pano amatsuka magalimoto ku Joni, ndipo akaimba foni amalankhula mwachangu ngati munthu amene waima pakhomo la eni.

Chaka chino abambo adzala nandolo munda wonse, ngakhale kumtunda kumene timadzala chimanga chakudya. Amayi analetsa, osamveka. Abambo akuti akakolola agula batire yaikulu, mnyamata abwere adzapitirize ntchito yake. Amadzuka m'mamawa ndi msana wawo wovuta uja, ndipo aliyense wodutsa amamuuza kuti mwana wawo wangopita kukaona dziko.

Mwezi wathawu mchimwene ananditumizira uthenga kuti ndipeze wogula kompyutayo, pamtengo uliwonse, poti akufuna kuitanitsa mkazi wake ndi mwana. Wogula ndinamupeza, mphunzitsi wina wa ku boma kumene kuli magetsi, ndipo anaitenga kale. Abambo sindinawauze. Dzulo anandifunsa ngati ndikumaiphimba bwino kuti mphemvu zisalowemo, ndipo ndinati inde.