Mapaleti Athu Analibe Chidindo

Amuna anga ankakhoma mapaleti, timathandala tamatabwa tosanjikapo katundu wopita kunja. Tinkakhala ku Mgona, ndipo kampani ina ya ku Kanengo yotumiza mtedza kunja inkagula onse. Azichimwene awo anali atapita ku Joni kalekale, osabwerako, osatumiza ngakhale moni. Iwo ankati, "Ine ndili ndi hamala yanga, ndikatani kwa eni?" Ndikamva choncho mtima unkakhala m'malo.

Tsiku lina, zaka za m'ma 2000 zili pakati, anabwerera nawo mapaleti onse pa pikapu yahayala. Akuti maiko agwirizana lamulo: thabwa lililonse lonyamulira katundu wodutsa malire liyambe latenthedwa mu uvuni kapena kufukizidwa mankhwala, kuopa kuti tizilombo tofumbula mitengo tingapite nalo n'kukawononga nkhalango za eni. Ine ndinaseka. Kachilombo ka ku Mgona kakathe nkhalango ya azungu? Abale inu!

Iwo sanaseke. "Izi zikakanika, mayi a mwana, nanenso ndine wa ku Joni."

Anakulira pa esiteti ya fodya, moto ankaudziwa. Anamanga kabalani kanjerwa kuseri kwa nyumba, n'kuyala pansi mapaipi opinda kuchokera ku migolo yakale. Ine ndinkatuta utuchi ndi zidutswa za matabwa, kusonkhezera mpaka maso psuu. Aneba ankadandaula utsi, alandilodi ankabwera kudzalalata, ndipo zomwe ndinawayankha sindingazilembe pano. Matabwa anatuluka ouma gwa, ngakhale nyerere sikanapulumuka.

Ku Kanengo tinapita tonse, ine nditavala chitenje chatsopano ngati ndikupita ku ukwati. Bwana wolandira katundu sanali munthu woipa ayi. Anazungulira paleti limodzi akusuzumira m'mbali.

"Chidindo chili pati, bambo?"

"Tawotcha ndithu, bwana. Tanunkhizani mumve."

"Sindikukutsutsani. Koma kudoko sanunkhiza, amayang'ana chidindo. Ndipo amadinda ndi okhawo amene boma lawavomereza, a uvuni wokhala ndi makina oyezera kutentha."

Ndinalowerera ine, kufunsa kuti nanga ife boma lingativomereze bwanji. Anayang'ana manja anga akuda ndi mwaye, n'kungoti, "Pepani, amayi." Ndinapsa mtima, koma wokalipira panalibe. Lamulolo analemba ali kutali, anthu oti sindidzawaona.

Mwezi usanathe amuna anga anagulitsa macheka ndi hamala yomwe. Ndinalira, ndinawagwira miyendo, sizinathandize. Anakwera thiraki ya mnzawo wa kumzikiti, yopita ku Joni ndi mtedza wa kampani yomwe ija, wosanjikidwa pa mapaleti odinda ogula kwina. Matabwawo anali ndi ufulu wodutsa chipata chilichonse. Amuna anga analibe pasipoti, anabisala pansi pa tenti.

Mnzawo dalaivalayo atabwerako anafika pakhomo ali zyoli. Anati anawatsitsa asanafike pachipata cholowera ku Zimbabwe kuti adzere kutchire, akakumane kutsidya. Anadikira mpaka alonda anamuthamangitsa, amuna anga osaoneka. Ndinamufunsa za katundu, sindikudziwa chifukwa chake. Anati mtedza unafika bwinobwino.