Thabwa Lomwe Agogo Anawongola

Mpaka lero ndikadutsa pamene munthu akupala thabwa la mukwa, fungo lake limandibweza ku Kalingalinga, pansi pa shedi ya malata anayi pomwe agogo anga aamuna, a Sakala, ankagwirira ntchito yawo ya ukalipentala. Linali fungo losakanikirana: utuchi wotenthedwa ndi dzuwa, guluu wowira m'chitini pambaula, ndi utsi wa anyamata owotcherera zitsulo a tsidya lina la msewu, omwe makina awo ankalira kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa. Agogo ankapala mosathamanga, pensulo ili kukhutu, ndipo akamaliza ankanyamula thabwalo, kutsinzina diso limodzi, n'kuliyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumchira. Likakhota ngakhale pang'ono, silinkatuluka pashedipo.

Anali munthu wonyadira ntchito yake, ndipo ndinene chilungamo, kunyadako nthawi zina kunkapyola muyezo. "Chokhota ndi ulesi wa kalipentala," ankatero akaona chitseko cha mnzawo. Ankakondanso kuuza aliyense wobwera kudzagula mpando kapena bokosi la maliro kuti zaka makumi anayi chiyambire ntchito sanaonongepo katundu wa munthu. Ine mdzukulu wawo, yemwe ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, ndinali wapakamwa, ndipo mawu amenewa ndinkawafalitsa kusukulu ngati ndalembedwa ntchito. Pakhomopo tinalipo atatu: agogo, ine, ndi mwana wawo wotsiriza, Anti Misozi, omwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga kwa mzimayi wina wokalamba wa ku Mangalande, dzina lake adona Magi.

Loweruka lina masana Anti anafika atasenza thabwa lachilendo. Linali lopyapyala, lopapatiza, lotalika kufika pachifuwa cha munthu, ndipo kumutu kwake kunali kozungulira ndi kopindikira m'mwamba. Utoto wake wabuluu unali utasuluka, koma pakati pake pankaonekabe kansomba koyera kojambulidwa ndi manja. Kumutu kopindikako kunali mng'alu.

"Atate, ba madamu bakamba ati muchikonzeko ichi," anatero Anti. "Bachifuna pa mawiki yabili, bayenda kwao."

Ndine ndinafunsa kuti chinali cha ntchito yanji. Anti anakweza mapewa. "Kaya. Chimankhala chabe kumbuyo kwa wadiropu. Kapena ni chochisilapo vovala."

Agogo sanafunse kanthu. Analiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija, n'kupukusa mutu mwachisoni, ngati dokotala waona mwana wochedwa naye kuchipatala. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: thabwa lositira zovala lomwe linanyowa ndi mvula n'kupindika. Analikulunga m'masaka onyowa, n'kuligoneka pasimenti, n'kulisanjikiza mabuloko asanu ndi limodzi. Patatha masiku anayi linali litawongoka. Kumutu kong'alukako anadulako, utoto wakale ndi kansomba kaja anazipala zonse mpaka thabwa linayera, analipaka vanishi, ndipo monga mbasela analiikira miyendo yopinda. Ndikukumbukira mmene anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, manja m'chiuno, akumwetulira.

Anti anapita nalo Lachinayi m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu anabwerera, thabwa lili pamutu, maso ali psuu kufiira.

"Atate, taononga," anatero. "Sichochisilapo ichi. Ni cha ba tate bao bamene banafa kudala. Bamakwelela nacho mafunde ku nyanja yamuchele. Ba madamu benze kufuna kuyenda nacho ku kompetishoni."

"Akalipa?" anafunsa agogo.

"Ngati banakalipa sembe chawama. Bangochilangana, bankhala pansi, bayamba kulila."

Ine mtima unandiwawa, osati chifukwa cha mzunguyo ayi, koma chifukwa cha dzina la agogo anga. Ndinawauza kuti angonena kuti munali chiswe, n'chifukwa chake anadula. Anti nawo anati akanena kuti iwo ndiwo anapereka uthenga wolakwika. Agogo anadzuka pabenchi. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jekete yawo ya kutchalitchi, anamasula miyendo ija, n'kusenza thabwalo.

Ulendo umenewo sindidzauiwala. Kuchokera ku Kalingalinga kupita ku Kabulonga akanatha kudutsa kuseri kwa nyumba, koma iwo anasankha msewu waukulu, pomwe akalipentala anzawo onse amayala mabedi ndi makabati awo. Aliyense ankafuula, "Ba Sakala, muyenda kuti na jekete?" Ndipo aliyense ankalandira yankho limodzi: "Ndaononga katundu wa munthu. Ndikukapepesa." Ena ankaseka poganiza kuti ndi nthabwala, ena ankangoti kukamwa yasa. Ine ndinkatsatira m'mbuyo ndi Anti, nkhope ikutentha ndi manyazi, ndikuwakwiyira agogo kuti akudzivula okha pagulu.

Adona Magi tinawapeza pakhonde. Anali aang'ono thupi, tsitsi loyera, ndipo Chichewa ankalankhula chakumudzi chenicheni chifukwa anagwirapo unamwino zaka zambiri kummawa, kufupi ndi kwawo kwa agogo. Agogo anatula thabwa pansi, anavula chipewa, n'kugwada pasimenti ndi mawondo awo okalambawo.

"Amayi, mwana wanga alibe mlandu," anatero. "Ndine ndinaona chinthu chomwe sindichidziwa, ndipo sindinafunse."

Mzimayiyo sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndikuganiza kuti agogo anawalemekeza chifukwa cha zimenezo. Anangoti, "Khalani pampando, a Sakala. Ndikuonetseni chomwe munawongola."

Anatulutsa zithunzi zakale m'kabokosi ka bisiketi. Munali nyanja yotuwa, yopanda tsidya, ndi anthu oonda atavala makabudula, aliyense atakumbatira thabwa. Anatifotokozera kuti kwawo, kugombe la Cornwall, masewerawa anafika ndi asilikali obwera kunkhondo yaikulu yoyamba, omwe anawamva kwa anzawo a kumaiko otentha. Atafika kwawo anasowa wowapangira matabwa, ndiye anapita kwa mmisiri wa m'mudzimo, yemwe ntchito yake inali kukhoma mabokosi a maliro. Matabwa oyambawo anali athyathyathya ngati zivundikiro za mabokosi omwewo.

Apa agogo, omwe anali asanamwetulire tsiku lonse, anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mnzanga ameneyo ankagoneka amoyo ndi akufa omwe pathabwa limodzi!"

Adona anasekako pang'ono, n'kupitiriza. Anati thabwa lowongoka linkavuta, chifukwa munthu akaligonera chafufumimba funde n'kumukankha, mutu wa thabwa unkalowa pansi n'kukazika mumchenga, munthuyo n'kugubuduka. N'chifukwa chake amisiri anayamba kulipinda kumutu ndi nthunzi ya madzi owira. Kupindika komwe agogo analimbana nako masiku anayi ndiko kunali nzeru yonse ya thabwalo.

Sindinawaonepo agogo akufunsa mafunso ngati tsiku limenelo. Anafuna kudziwa kuti mpikisano wake umayenda bwanji, popeza nyanja ilibe magoli. Adona anati mipikisano inakula pambuyo pake, iwo ali mtsikana, pamene anyamata a ku Australia anabwera kudzagwira ntchito yopulumutsa osambira, atanyamula matabwa aatali opepuka okwera choimirira. Achinyamata a kwawo ndi a pachilumba cha Jersey anatengeka nazo, anapanga magulu, n'kuyamba kupikisana. Oweruza ankakhala kumtunda, akuzizidwa, n'kumapatsa munthu mamalikisi poona funde lomwe wasankha ndi mmene walikwerera. Opambana anayamba kupita kumaiko ena kukakumana ndi akatswiri omwe anakulira m'madzi ofunda. Bambo awo a adona anayesako zoimirirazo, analowa mipikisano kangapo osapambana, ndipo pomaliza anabwerera kuthabwa lawo lakale, lomwe achinyamata ankaliseka kuti ndi la nkhalamba.

"Tsopano nkhalambazo zinayambitsa mpikisano wawo," anatero adona. "Matabwa a mtengo okhaokha, ndipo saloledwa kuvala zovala za labala zotchinga kuzizira. Chaka chino ndimafuna ndikalowe ndi thabwa la bambo anga, miyendo ikadandilola."

"Wopambana amalandira chiyani?" anafunsa agogo.

"Chikho, ndi chimfine."

Agogo anapempha sabata imodzi, komanso chithunzi chimodzi choti azionera. Pashedi paja panasanduka khitchini. Anadula dilamu pakati, analithira madzi n'kulitereka pa mbaula ziwiri, ndipo nthunzi inkatuluka m'masaka omwe anavundikira pamwamba, ikununkha dzimbiri ndi vanishi wopsa. Anasema chigogo cha mtengo chokhala ndi kupindika komwe kunali pachithunzi. Akalipentala anzawo ankabwera kudzaonerera, ena ndi malangizo, ena ndi mano okha. Thabwa la bambo a adona litafewa, agogo analigoneka pachigogocho n'kuyamba kulikanikiza pang'onopang'ono, akulilankhula monong'ona ngati akunyengerera ng'ombe yolowa m'goli. Linapindika pang'ono, linapindikanso, kenaka tinangomva kuti phwa! Timatabwa topyapyala tomwe tinamatidwa pamodzi kalekale tinalekana, ndipo mng'alu unatsika mpaka pakati.

Ngakhale owotcherera zitsulo anazimitsa makina awo. Agogo anatola zidutswazo, anazipukuta ndi malaya awo, n'kuzikulunga m'nsalu yoyera ya m'bokosi la maliro. Ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu zawo, ndipo sanaibise. Ine amene ndinkawakwiyira pamsewu paja ndinalira nawo, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira thabwalo kapena zaka makumi anayi zija.

M'mawa mwake anapita mtauni kukagula pulayi watsopano, matabwa opyapyala omatidwa pamodzi ngati lakale lija. Thabwa loyamba linathyoka, lachiwiri linapindika mopotoka, lachitatu linagwira. Analipaka buluu, koma kansomba sanajambule. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Dzanja lomwe linajambula kaja lili m'manda, mkazi wanga. Ndisanamizire munthu wakufa." Anapereka zonse ziwiri kwa adona, latsopano ndi zidutswa za lakale, ndipo adonawo anakwera ndege.

Patapita miyezi iwiri galimoto yawo inaima pashedi pathu, ana a m'komboni ataizungulira. Adona anatsika ndi ndodo, n'kukhala pabenchi ya agogo, pautuchi pomwepo. Agogo sanafunse za chikho. Anangofunsa kuti, "Mutu unagwira?"

"Unagwira," anatero adona. "Ndinakwera mafunde atatu, ndipo sindinadye mchenga. Ndinamaliza chakumapeto, kumbuyo kwa gogo wina wondiposa zaka." Kenaka anawonjezera, "Ndi thabwa labwino, a Sakala. Koma si la bambo anga."

"Ndikudziwa, amayi," anatero agogo.

Anakhala pamenepo awiriwo mpaka tiyi atazizira m'makapu. Panthawiyo ndinkaona ngati mzimayiyo ndi wouma mtima. Ndakula tsopano, ndipo ndikumvetsa kuti anawakhululukira popanda kuwanamiza, ndipo agogo analandira zonse ziwiri osadandaula. Kuyambira pamenepo mawu a zaka makumi anayi sanatulukenso pakamwa pawo. Anzawo anawapatsa dzina loti ba Sakala ba mafunde, ndipo ankavomera. Munthu akabwera ndi mpando kapena chitseko, ankayamba amukhazika pansi n'kumufunsa kuti chinthucho ndi cha ndani, chimagwira ntchito yanji, ndipo anachipanga ndani. Makasitomala othamanga ankatopa nawo n'kupita kwa ena.

Agogo anatisiya ndili kusekondale, osaionapo nyanja yamchere. Ine lero ndine telala ku Mtendere, ndipo monga iwo ndili ndi diso lodana ndi chokhota. Chaka chathachi mtsikana wina anandisiyira diresi yakale ya chitenge kuti ndiikonze, akuthamangira basi. Nditaiyala patebulo ndinaona kuti phewa limodzi ndi lotsika ndipo mpendero wakumbuyo ndi wautali kuposa wakutsogolo. Ndinatukwana telala amene anaisoka, ndinalemba ndi choko pofunika kudula, ndipo sizasi inali kale m'manja. Sindikudziwa chomwe chinandigwira dzanja, koma ndinaika sizasi pansi n'kumuimbira foni.

"Iyayi, ba mami, osajuba!" anafuula mtsikanayo. "Ni ya ba mayo banga. Benze na musana wobendama, banabasokela mwamene benzelili. Nifuna chabe zipi."

Ndinafufuta choko chija ndi chala chonyowa, ndinasoka zipi, ndipo diresiyo ndinaibweza yokhota monga inabwerera.