Chimene Chinaondetsa Adadi ku Japan

Ndikukumbukira bwino tsiku limene adadi anabwera kuchokera ku Japan, chifukwa ndinawadutsa pageti osawazindikira. Ndinali Sitandade 6, matipate atangoyamba kumene, tikukhala ku Area 25 kuseri kwa msika wa Nsungwi, panyumba zinayi za lendi zoyang'anizana, mpopi umodzi pakati. Adadi ankakonza makina opopa madzi, ndipo kuntchito anawatumiza kukaphunzira kwa miyezi khumi. Anachoka ali munthu wathupi, woti akakwera minibasi kondakitala ankayamba kudandaula. Amene anatsika galimoto tsiku limenelo anali bambo wina wake wa khosi lalitali, jekete ikulendewera ngati yobwereka, lamba ataboola mabowo ena awiri ndi msomali. Anabweranso ndi chifuwa cha kuzizira kwa kumeneko, moti m'mawa uliwonse ankatsokomola kubafa mpanda wonse ukumva.

Amene munakula zaka zimenezo mwadziwa kale zimene anthu anaganiza. Maliro anali a sabata ndi sabata, ndipo matenda aja sankatchulidwa dzina. Munthu akaonda n'kumatsokomola, makamaka wochokera kunja, nkhani inkathera pomwepo: wabwera nazo. Amene ankayendetsa nkhaniyi pampanda pathu anali Amake Dalitso, eni nyumba zathu. Sanali munthu woipa mtima ayi, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Pasanathe masabata awiri, kapu imene tonse tinkamwera pampopi inasowa. Azibambo a pabawo adadi akafika ankangowagwedezera mutu, manja ali m'matumba.

Zonsezi ndinkaziona osamvetsa, mpaka tsiku lina pabuleki Dalitso, mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, anakana kundilumitsa chigumu chake. Anati amayi ake amuletsa, chifukwa kwathu kwalowa matenda ndipo adadi safika Khirisimasi. Ndinamukoka tsitsi mpaka aphunzitsi anachita kutilanditsa, ndipo sindinapepese. Koma pobwerera kunyumba mumtima ndinali nditakhulupirira. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Ndinapeza adadi pakhonde akukonza wailesi. Ine Thoko si munthu wozungulira, ndipo ndinali choncho ndili mwana. Osavula ndi yunifolomu yomwe, ndinawafunsa kuti, “Adadi, kodi mumwalira?”

Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anaika sikuludiraiva pansi, n'kundikhazika pambali pawo. Amayi anatuluka m'khitchini manja ali ndi ufa, nawonso anakhala. Ndinafotokoza zonse, za chigumu, za kapu ya pampopi. Adadi anati kuchipatala anawayeza asanapite ndiponso asanabwere, ndipo analibe kanthu. Chimene chinawamaliza ndi njala.

Si kuti chakudya kunalibe, anatero. Chinali mbwee, koma chake. Kumene ankagona, m'mawa ankawapatsa mpunga wothira dzira laliwisi, ndi nyemba zina zoolera dala zotchedwa natto. Masana nsomba yosaphika, yongocheka bwinobwino n'kuikongoletsa m'mbale. Atathawira kusitolo kuti akagule buledi, anapeza pakati pake aikamo supageti. Wina anali ndi zipatso ndi kirimu, anthu akudya monga chakudya cha masana. Mnzawo wa ku Ghana anawatengera kulesitilanti, anakawapatsa supageti wakuda bii, wodetsedwa ndi inki ya nyama ya m'nyanja, moti anatuluka mano ali ngati adya makala. Ngakhale ayisikilimu anali wobiriwira, wokoma masamba a tiyi. Miyezi khumi anakhalira mpunga wothira shuga ndi nthochi.

Chimene chinawapweteka kwambiri chinali ulemu wathu womwewu. Aphunzitsi awo achikulire ankawaitana kunyumba Lamlungu lililonse, ndipo adadi, poti analeredwa kuti kwa eni ake chakudya sakana, ankameza timaphuzi tiwiri, n'kuwerama, n'kunena kuti n'zokoma kwambiri. Mayi a m'nyumbamo ankasangalala n'kuwonjezera. Pa tsiku lotsanzikana anawalongedzera katoni yathunthu ya zonse zimene anaziyamikira, zouma ndi za m'mapaketi, kuti banja lonse likalawe. Katoniyo inali pansi pa bedi. Amayi anaitsegulapo kamodzi, ataona timapepala takuda anaganiza kuti ndi kaboni wa kuofesi, n'kuibwezera.

Amayi anali munthu wosalankhulalankhula, koma akaganiza chinthu chinkachitika. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti Loweruka kudzakhala alendo. Wobwera kuulendo amagawako zakuulendo, ndipo ife tinali titachedwa kale, anthu angatiyese omana.

Loweruka masana mphasa inayalidwa pakhonde. Kunabwera Amake Dalitso, kunabwera Anyagondwe a khomo loyang'anizana nafe, oimba kwaya kutchalitchi, ndi amayi ena awiri. Kukana kuitanidwa sakanatha, komanso chidwi chinkawadya. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, aliyense maso ali pa makapu athu. Amayi anabweretsa tiyi ndi buledi, Anyagondwe anapemphera, kenako adadi anatulutsa katoni ija atavala taye.

Anayamba ndi timapepala takuda tija, amene anati ndi ndere za m'nyanja zoumitsa. Tinkamatirira kumwamba kwa m'kamwa, fungo lake ngati thumba losungira usipa. Alendo anatafuna mwaulemu n'kunena kuti si zoipa. Kenako kunabwera tizipatso tofiira tofanana ndi masau. Anyagondwe anaponya kamodzi m'kamwa mwachimwemwe, nkhope yonse inakwinyika nthawi yomweyo, diso limodzi linatsinzina lokha. Kanali kowawasa ndi mchere wosaneneka. Anameza, n'kupempha tiyi m'Chitumbuka, Chichewa chitawathawa.

Tsono natto. Adadi anathira timadzi pa nyemba zouma zija, anadikira pang'ono, n'kutakasa. Fungo linafika msanga kuposa mbale, la masokosi a anyamata ochokera kumpira. Atanyamula supuni, ulusi woyera unatsatira kuchokera m'mbale osaduka, kunanda kwake therere n'kuchepa. Anapatsa aliyense supuni yodzaza, n'kunena mofatsa kuti ichi ndicho chinali chakudya chawo cha m'mawa. Ine ndinalawa kanyemba kamodzi ndipo ndikukamvabe mpaka lero. Alendo aja anayang'anana. Kulavula pakhomo pa eni ake, adadi ali chilili ndi taye, sikukanatheka. Anameza, ulusi ukulendewera pazibwano.

Amake Dalitso, pofuna chotsukira m'kamwa, anaona kambale kamene adadi anafinyiramo zobiriwira za m'chubu. Anayesa peyala wopota. Anatenga buledi n'kupaka mosaumira, monga timapakira peyala kwathu kuno. Adadi anatsegula pakamwa kuti awachenjeze, koma ndinaona ndi maso angawa amayi akuwaponda phazi. Zinali wasabi, tsabola wa kumeneko amene sawotcha lilime koma amakwera m'mphuno mpaka m'mutu. Amake Dalitso analuma kwambiri. Maso anatuluka, misozi inayamba kutsika yokha. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, duku linagwa. Posaona n'komwe, analanda kapu imene inali m'manja mwa adadi n'kugugudiza tiyi yense.

Amake Dalitso anayang'ana kapu ija, anayang'ana adadi, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

“Bambo a Thoko, miyezi khumi mukudya zimenezi?”

“Miyezi khumi, mayi.”

“Ndiye mwalimba. Ine ndikanabwera m'bokosi. Pepani, tinakulakwirani.”

Pakamwa pomwe panafalitsa bodza ndi pamene panalichotsa, ndipo panagwira ntchito mwachangu. Pofika Lolemba msika wonse wa Nsungwi unali utamva kuti ku Japan amadya nyemba zoola ndi peyala wamoto. Kwathu kunayamba kubwera mbale, wina futali, wina nkhwani wotendera, Anyagondwe kondowole ndi nsomba, onse ati tiwanenepetse. Mvula isanagwe adadi anali atabwerera pa bowo lakale la lamba. Ine ndi Dalitso tinagwirizananso, ngakhale za tsitsi zija amandikumbutsabe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Manudozi ali m'golosale iliyonse, ndipo ana anga amalimbirana nsomba yaiwisi m'malesitilanti a mutauni, n'kumajambula asanadye. Adadi anapuma ntchito, amalima ku Njewa, mimba ili patsogolo, ndipo mukawatchulira natto amasintha nkhani. Matenda aja tsopano timawatchula dzina, mankhwala alipo, anthu amamwa n'kumagwira ntchito zawo, timadya nawo osaganizako n'komwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachimvetsa nditakula. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala a Mhango, telala, amenenso anaonda chaka chomwecho. Iwo analibe katoni ya ku Japan yoti aonetse anthu, chifukwa ankadwaladi. Makasitomala anatha, a pabawo anawaiwala. Dzina la adadi litayera, ine ndinkayesa nkhani yatha, koma Loweruka lotsatira adadi anatenga imodzi mwa mbale zimene anthu ankatibweretsera n'kuzungulira nayo kuseri. Amayi atawafunsa, anangoti iwo alawako mwezi umodzi wokha kudya anthu akukuthawa, ndipo n'kowawa kuposa zonse za m'katoni muja. Kuyambira pamenepo ankapita Loweruka lililonse, n'kumadya ndi a Mhango mbale imodzi pakhonde, poonekera, aliyense wopita kumsika akuona. Anachita zimenezi kwa miyezi isanu ndi iwiri. Mankhwala aja anafika a Mhango atapita kale.