Chipewa cha a Harold

Dzulo, basi ikudutsa kuseri kwa tauni ya Ilford, ndinaona anthu akutchetcha pabwalo lakale pomwe ankaphunzitsira oyendetsa ndege zankhondo. Fungo la udzuwo linandibwezera ku ubwana.

Amayi ankasamalira mzungu wina wokalamba, a Harold, amene anaphunzira kuulutsa ndege pamalopo ali mnyamata. Loweruka tinkapita nawo kubwaloko pa njinga ya olumala, ine ndi mlongo wanga wamwamuna, Yamikani. Wokankha njingayo ndinali ine, wowafunditsa bulangete ndinali ine. Koma tikafika pomwe konkire yakale inkaonekera m'udzu, iwo ankagwira dzanja la Yamikani n'kumamutchula kuti Peter.

Tsiku lina anamuveka chipewa chawo chachikopa, chonunkha mafuta a injini, n'kumuchonderera m'Chingerezi kuti asadzaulukenso kukakhala chifunga.

"Amayi, bwanji ine sandipatsa dzina?" ndinafunsa pobwerera. "Kapena atsikana sauluka?"

"Lakolo likukwana, Tadala," Amayi anayankha motsitsa mawu.

Ndinkakhulupirira kuti pansi pa konkirepo anabisapo ndege, ndipo tsiku lina awiriwo adzanyamuka n'kundisiya nditagwira njinga yopanda munthu. Yamikani ankadya chipewa chili kumutu. Ine ndinkangochiyang'ana chipewacho.

Pamaliro a a Harold, mwana wawo anatiuza kuti Peter anali mnzawo wa bambo ake, amene anagwa ndi ndege n'kumwalira pabwalo lomwelo asanamalize maphunziro.

Zinanditengera zaka kuzindikira kuti a Harold sankamuona n'komwe Yamikani, ankangoona Peter. Ine ndiye ankanditchula dzina langa lenileni.