Bondo lomwe linapita ku Buga

Kuno ku Cali timati mwana amayamba kuvina asanayambe kuyenda, ndipo timakweza mawu ponena zimenezi pakakhala alendo pafupi. N'chifukwa chake a Libardo Caicedo, osoka nsapato a ku dera la Obrero mumzinda muno, ankatsimphina.

Nsapato zomwe ankasoka zinali zovinira gule wa salsa. Ovina a m'mabwalo akuluakulu ndi a pakhonde omwe ankabwera kudzayezetsa phazi pa kabenchi kawo, kapena kutumiza munthu ndi nsapato yakale. Koma iwo eni ake mapazi awo anali ogontha. Nyimbo ikalowera uku, miyendo inkalowera uko. Ali mnyamata anayesapo pa ukwati wa msuweni wawo, anaponda mtsikana wina mpaka chikhadabo kuzuka, ndipo posowa kothawira anagwira bondo n'kukhala pansi. Anthu anawamvera chisoni, anawapatsa mpando wabwino ndi chakumwa chozizira. A Libardo anaona kuti bondo ndi bwenzi lokhulupirika, ndipo sanasiyane nalonso.

Akazi awo, a Nubia, anakwatiwa nawo bondolo lili kale m'banja. Pa maphwando a Nubia ankavina ndi alongo awo, a Libardo atawasungira kachikwama pamiyendo, akugwedeza mutu ngati katswiri amene tsoka linamulanda mwendo. Nthawi zina ankadzudzulanso ovina, kuti uyo akuthamangira ng'oma, uyo waumitsa chiuno. Anthu ankavomereza, poti munthu wosoka nsapato zotere angalephere bwanji kudziwa.

Vuto linabwera ndi mwana wawo Dayana, amene ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Pa phwando la msinkhu umenewu bambo amagwada, kumvula mwana nsapato zachitsikana, kumuveka zachidendene chachitali, kenako n'kuvina naye anthu onse akuonerera. Za nsapatozo a Libardo analibe nazo nkhawa, anali atasoka kale zoyera zokongola n'kuzibisa pamwamba pa kabati. Za kuvinazo anaganiza zobwereka mlamu wawo, monga mwa masiku onse. Dayana anakana ali phee, akusenda nthochi zokazinga.

"Ababa, amalume ali ndi ana awo. Ine ndivina ndi inu. Bondolo likakana, ndikhala pambali panu, tizionerera limodzi. Sindivina ndi wina aliyense."

Mwanayo sankaopseza. A Libardo ankamudziwa, anatengera mayi ake. Anamuona m'maganizo atakhala pampando tsiku lake lomwe, diresi lofufuma, nsapato zoyera zili zii pansi, chifukwa cha bondo lomwe silinadwalepo ngakhale chimfine.

Kuphunzira ku Obrero kunali kosatheka, aphunzitsi onse a gule anali makasitomala awo. Koma anali atamva kuti ku San Antonio, dera la kumtunda kwa mzinda uno, kuli nyumba zogona azungu a zikwama zakumsana, ndipo ogona kumeneko amaphunzitsidwa kuvina masana aliwonse. Kumeneko munthu wosadziwa kuvina sachititsa manyazi, ndiye amene amafunidwa. Choncho anauza a Nubia kuti akupita ku tauni ya Buga kwa sabata, kukapempherera bondo ku tchalitchi chachikulu cha kumeneko, chotchuka ndi zozizwitsa. A Nubia anawayang'ana kanthawi, kenako anawalongedzera malaya ndi mankhwala opaka, n'kuwauza kuti pobwera asaiwale kugula chiphalaphala chotsekemera cha mkaka chomwe a ku Buga amatchuka nacho.

A Libardo anakwera basi yolowera kudepoti, anatsika pakona, n'kukwera ina yobwerera kumtunda. Pa hositelo anauza wolandira alendo kuti iwo ndi a ku Bogotá, likulu la dziko. Mnyamatayo anawayang'ana mwachifundo, poti tonse kuno timakhulupirira kuti a ku Bogotá amavina ngati akupha mphemvu. Sanafunsenso zambiri.

Anawapatsa bedi lapamwamba m'chipinda cha mabedi osanjikizana. Munthu wa imvi, wa nyumba yakeyake mumzinda womwewo, ankakwera kamakwerero atavala kabudula wogonera, pansi pake pakugona Joost, mnyamata wa ku Holland wotalika mwakuti mapazi ankatulukira kunja kwa bedi. Matawulo onyowa anali paliponse. Kukhitchini ana a eni akewo ankaphika supageti wopanda ndiwo n'kumadyera mupoto momwemo, ndipo zakudya m'firiji ankazilemba mayina ngati ana a sukulu. Koma chomwe chinawapweteka mtima a Libardo ndi nsapato. Mulu wonse pakhomo unali wa masilipasi otha ndi zinsapato zokwerera mapiri zonunkha, ndipo anthuwa ankafuna kuvina salsa ndi zimenezo.

Masana ankasonkhana pabwalo lamkati, pansi pa mtengo wa mango. Mphunzitsi anali Maryuri, mtsikana wamfupi wa mawu aakulu. Ankawomba m'manja n'kumawerenga masitepe, ophunzira n'kumawerenga naye mokweza, aliyense m'chinenero chake. Tsiku loyamba onse anali ofanana, ndipo a Libardo anamva kukoma kosaneneka. Kwa nthawi yoyamba anali pakati pa anzawo enieni. Pofika pakati pa sabata mtsikana wa ku Korea anali akuzungulira ngati nguli, Joost ndi miyendo yake ya nsungwi anali atagwira ng'oma, ndipo a Libardo okha ndi amene ankabwerera m'mbuyo anzawo akupita kutsogolo. Atsikana anayamba kuvala nsapato zokwerera mapiri zija dala ikafika nthawi yovina nawo. Joost ankawasisita paphewa n'kumawalimbikitsa kuti asadandaule, zimenezi zili m'magazi mwa anthu a ku Cali okha, ena tonsefe timangoyesa. A Libardo ankavomera ndi mutu.

Maryuri ankawakalipira chinthu chimodzi, kuyang'ana pansi. Sankadziwa kuti sakuyang'ana mapazi awo ayi, akuyang'ana ake. Nsapato zofiira zomwe ankavala zinali za manja awo, anazizindikira tsiku loyamba lomwe. Ndipo chidendene chamanzere wina anali atachimata ndi guluu wa pamsika, mopotoka, guluuyo atatuluka m'mbali ngati mamina. Anapirira masiku angapo. Kenako tsiku lina, pakati pa nyimbo, chidendenecho chinagwedera, ndipo pakamwa panawatsogolera.

"Iwe mwana, ndani wandiwonongera nsapato yangayi?"

Maryuri anaimitsa nyimbo. Anawafunsa kuti yanu bwanji, bambo a ku Bogotá. Koma a Libardo anali atagwada kale, atamuvula nsapatoyo, akutulutsa singano ndi ulusi zomwe sizichoka m'thumba mwawo. Mtsikanayo anayang'ana kasokedwe kawo, anayang'ana msoko wakale wa nsapatoyo, kenako anakhala pansi pa simenti n'kuseka mpaka misozi. Nsapatozo anamugulira ndi azakhali ake, ndipo anamuuza kuti zachokera kwa katswiri wa ku Obrero amene akanagonjetsa mzinda wonse likanapanda bondo.

"Bondo lake ndi liti, madala? Poti pa makwerero a bedi mumakwera ngati nyani."

A Libardo anamuuza zonse chapansipansi, maso ali pa nsapato. Atafika pa Dayana, Maryuri anasiya kuseka. Anawauza mosabisa kuti masiku otsalawo sangawasandutse ovina, ngakhale atawapatsa chaka. Chomwe angathe n'kuwaphunzitsa kusaponda munthu. Anawaletsa kutsogolera, anati angogwira manja a mwanayo, amuyang'ane kumaso, mapazi azikwekweza pang'onopang'ono osawanyamula, ndipo akasokonezeka aziwerenga mokweza ngati azungu. Anakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, anzawo atapita kukamwa mowa.

Loweruka anagula chiphalaphala chija pa golosale ya ku San Antonio komweko, anamatula kapepala ka sitolo, n'kubwerera kwawo. Atafika pakona ya msewu wawo mwendo unayamba wokha kutsimphina. A Nubia anafunsa za ku Buga, iwo anati kunali anthu ambiri, ndipo za bondo tiona.

Phwando linachitikira pamsewu, kutsogolo kwa nyumba, atatseka njira ndi mipando. Obrero yense anabwera, theka la anthuwo litavala nsapato za a Libardo. Anagwada, anamuveka Dayana nsapato zoyera zija, zinamukwana ngati anabadwa nazo. Nyimbo inayamba. Mlamu wawo anali atakonza kale kolala, wina anali atawakokera kale mpando wabwino uja. Zinali zosavuta, kungogwira bondo basi. Dayana naye anali atayang'ana kale mpando woyandikana nawo.

A Libardo anaimirira n'kumugwira manja.

Sizinali zokongola, tisanamizane. Ankakwekweza mapazi ngati akupukuta pansi, msana uli gwa, thukuta lili kamukamu. Pasanapite nthawi anataya ng'oma, ndipo anayamba kuwerenga mokweza, pamaso pa akatswiri onse a ku Obrero. Panamveka kuseka. Gogo wina anafuula kuti ku Buga kwachitika chozizwitsa, wina anayankha kuti chozizwitsacho chathera m'bondo, sichinafike kumapazi. Dayana ankaseka nawo, koma manja sanawasiye. Anayamba kuwerenga limodzi ndi bambo ake, akuwakokera uku ndi uko ngati akusuntha kabati, nsapato zoyera zikuthwanima mozungulira zawo zakuda. Nyimbo inatha asanamuponde.

A Libardo anakadzigwetsa pampando. A Nubia anawabweretsera madzi a zipatso ozizira, anakhala pambali pawo, n'kuwafunsa mofatsa kuti bondo lachira ndi liti, lamanja kapena lamanzere, poti zaka zonsezi lakhala likusinthasintha malinga ndi mbali yomwe kuli mpando. Anawonjeza kuti chiphalaphala cha ku Buga chija n'chokoma, chikungofanana ndi cha pa golosale ina ya ku San Antonio.

A Libardo anamwa madziwo mpaka kutha. Anatambasula dzanja kuti alandire kachikwama monga mwa nthawi zonse, koma a Nubia anakapachika pampando, anavula nsapato zawo zabwino n'kuvala zakale zolimba kutsogolo, kenako anawakoka dzanja.